Mmodzi mwa mapasa wamwalira m'mimba: bwanji achipatala akuti tidikire?

Funso

Adokotala, ndine bambo wa ku Chamama m'boma la Kasungu. Mayi akunyumba ndi oyembekezera mapasa, pakati pake pakwana masabata 28. Sabata yatha atawajambula anatiuza kuti mtima wa mwana mmodzi waleka kugunda koma winayo ali moyo. Anatinso anawa ndi ofanana, ali pa nsengwa imodzi, ndiye wotsalayo atha kudzakhala ndi vuto mu ubongo. Chotidabwitsa n'chakuti sanawachite opaleshoni, angoti tidikire ndipo tizibwera kudzajambulitsa. Kumudzi akuluakulu akuti mwana wakufayo akuwola ndipo apha mnzakeyo pamodzi ndi mayi ake. Kodi ndiwakakamize achipatala amuchotse? Nanga mwana wathuyu adzakhala wabwinobwino?

Yankho

Bambo, pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Mwaferedwa ngakhale pakhomo sipanasonkhane anthu, ndipo nthawi yomweyo aliyense akuyembekezera kuti mulimbe mtima chifukwa cha mwana winayo ndi mayi ake. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Pa masabata 28, ngati mayi ali bwino ndipo mtima wa mwana wotsalayo ukugunda bwino, kudikira kumene akuuzaniko si ulesi wa achipatala, komanso si kusowa kwa zipangizo. Madokotala a ku Lilongwe, ku Johannesburg ngakhale ku London akanakuuzani chimodzimodzi. Musawakakamize opaleshoni. Nkhani yonse yagona pa mmene ngozi ya ubongoyo imabwerera ndi nthawi imene imabwera, ndipo ndikufuna muimvetse bwino kuti mukathe kuifotokoza nokha kwa akuluakulu.

Mapasa ambiri amachokera ku mazira awiri. Amenewa aliyense amakhala ndi nsengwa yake ndi nsupa yake, amangogawana chiberekero basi, ndipo atha kubadwa wamwamuna ndi wamkazi. Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi lomwe linagawikana pawiri. Likagawikana m'masiku atatu oyambirira, nawonso aliyense amakhala ndi nsengwa yakeyake. Koma pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse, dziralo limagawikana pakati pa tsiku la 4 ndi la 8, nsengwa itayamba kale kupangika, ndiye ana awiriwo amadyera pa nsengwa imodzi. Anu ali m'gulu limeneli.

Nsengwa yotere ukaiika pa thireyi mayi atachira, n'kuipukuta magazi, umaona michombo iwiri yamera pamalo awiri osiyana, ndipo kuchokera pa mchombo uliwonse mitsempha yayanga pamwamba ponse. Ukaitsatira ndi chala umodziumodzi, umapeza kuti ina sikuthera mbali ya mwini wake. Ikuwoloka pakati n'kukalumikizana ndi ya mnzake, ina yopyapyala yovuta kuiona, ina yonenepa ndithu yoti ukaifinya mbali ino magazi amasuntha mbali inayo. Pafupifupi nsengwa iliyonse yogawana imakhala ndi mitsempha yowoloka yotereyi. Ndiye kuti ana anu, kuyambira pachiyambi, magazi awo ankayenderana.

Onse awiri akakhala moyo, mitima iwiri imapopa, mphamvu ya magazi mbali zonse imalingana, ndipo opita ndi obwera amafanana. Mtima umodzi ukaleka, mphamvu ya magazi mbali imeneyo imagweratu. Taganizirani migolo iwiri ya madzi yolumikizidwa ndi paipi chapansi: umodzi ukabooka, winawo nawo umaphwa ngakhale ulibe bowo. Mtima wa mwana wamoyo umapitiriza kupopa, koma gawo lina la magazi ake limathawira mwa mnzakeyo ndipo silibwereranso. M'kanthawi kochepa mwanayo atha kutaya magazi ambiri, BP yake n'kutsika, ziwalo zake n'kusowa mpweya. Chimene chimavutika msanga ndi ubongo, nthawi zina impso ndi matumbo. Kuchuluka kwa magazi otayikawo kumatengera kukula ndi mtundu wa mitsempha yowolokayo, n'chifukwa chake ana ena amatuluka m'zimenezi opanda chilichonse pomwe ena amavulala.

Tsono mvetsetsani apa, bambo. Zimenezi zimachitika pa nthawi imene mnzakeyo akumwalira ndi maola ochepa otsatira. Pofika tsiku lija makina anaonetsa kuti mtima waima, kutaya magaziko kunali kutachitika kale, kapena mwanayo anali atapulumuka kale. Opaleshoni ya lero singabweze magazi amene anatayika sabata yatha.

Maganizo a akuluakuluwo musawanyoze, chifukwa madokotala nawo anaganizapo zofanana kwa zaka zambiri. Kuyambira cha m'ma 1960 mabuku ankaphunzitsa kuti m'thupi la mwana wakufayo mumachoka timibulu ta magazi oundana ndi zoipa zina zimene zimakatseka mitsempha ya wamoyoyo. M'zaka za m'ma 1990, madokotala atayamba kutenga magazi pa mchombo wa mwana akadali m'mimba, anapeza zina. Magazi a ana otsalawo ankaundana bwinobwino, mulibe chizindikiro cha poizoni, koma anali ochepa kwambiri. Apa m'pamene maganizo anasintha. Za kuwolazo, mwana amene wamwalira m'nsupa yosasweka saola monga zimaolera zinthu panja, chifukwa m'menemo mulibe tizilombo toyambitsa kuwola. Thupi lake limafewa, madzi omuzungulira amachepa, ndipo iye amanka nachepa pang'onopang'ono mpaka tsiku lobadwa. Kwa mayi, vuto loti magazi awo asiye kuundana bwino limatchulidwa m'mabuku, koma pa mimba ya mapasa silichitika kawirikawiri, ndipo achipatala amatha kuliyeza. Zinthu zimasintha nsupa ikasweka, popeza pamenepo tizilombo tapeza polowera. Ndibwereranso pamenepa.

Funso lanu lachiwiri ndi lolemera kuposa loyambalo, ndipo sindikubisirani manambala. Mu 2011 ofufuza a ku Birmingham ku England anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana pa nkhani imeneyi. Pa mimba za nsengwa imodzi zomwe mwana mmodzi anamwalira, mwa ana otsala 100 aliwonse, 15 anamwaliranso asanabadwe ndipo 68 anabadwa masiku asanakwane. Mwa amene anajambulidwa ubongo atabadwa, 34 mwa 100 chithunzi chinaonetsa chovuta china, ndipo 26 mwa 100 anakula ndi vuto lochokera ku ubongo. Pa mimba za nsengwa ziwiri, amene anatsatira anzawo anali 3 okha mwa 100, ndipo okula ndi vuto la ubongo anali 2. Kusiyana kwa 26 ndi 2 kumeneku kwenikweni ndi ntchito ya mitsempha yowoloka ija.

Nambala imeneyi muitembenuzenso. Mwana mmodzi mwa anayi amakhala ndi vuto, koma atatu mwa anayi amakula, kuyenda, kuyankhula ndi kupita kusukulu ngati anzawo. Komanso mawu oti vuto akuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Pali mwana amene dzanja limodzi lokha limalimba koma amalemba mayeso n'kukhoza, pali wochedwa kuyankhula, pali wakhunyu, ndipo palinso amene sadzatha kukhala pansi yekha ndipo adzafuna kusamalidwa moyo wake wonse. Onsewa ali mu 26 muja. Chinanso chokulimbitsani mtima n'chakuti ana ambiri amene amatsatira anzawo amatero nthawi yomweyo kapena m'masiku oyambirira. Wanu wadutsa sabata mtima ukugunda. Chimenecho si chinthu chaching'ono.

Onaninso 68 ija. Gawo lalikulu la mavuto a ubongo mwa ana amenewa silichokera ku kutaya magazi kokha, limachokeranso ku kubadwa msanga. Mwana wa masabata 28 amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Mapapo ake sanayambe kupanga mokwanira timadzi timene timaletsa timatumba ta mpweya kumatana, ndiye kupuma kumamuvuta. Timitsempha ta mkati mwa ubongo wake n'tosakhwima, timaphulika mosavuta, makamaka asanakwane masabata 32. Amazizidwa msanga, satha kuyamwa, matenda amamugwira mosavuta. N'zoona kuti masiku ano zipatala za m'maboma zili ndi makina a CPAP othandiza makanda kupuma, ndipo kangaru wapulumutsa ana ambiri, koma palibe nazale padziko lino imene imaposa chiberekero cha mayi amene ali bwino. Kumutulutsa lero ndi kuika ubongo umene mwina wavulala kale pa ngozi yachiwiri, kapena kuvulaza ubongo umene unapulumuka. Pa zinthu ziwiri zimene zimaopseza mwana wanu, chimodzi chinadutsa kale ndipo palibe angachisinthe, chinacho chikadali m'manja mwa anthu. Sabata iliyonse imene akhale m'mimba ndi phindu lake.

Kudikiraku sikutanthauza kungokhala. Pali zinthu zimene ojambula ayenera kumaona, ndipo ndi bwino muzidziwe kuti muzitha kufunsa. Choyamba ndi kayendedwe ka magazi mu mtsempha wina wa mu ubongo wa mwana, komwe amayeza ndi mbali ya makina yotchedwa Doppler. Magazi akachepa amasungunuka ndipo amathamanga kwambiri, ndiye liwiro lake limaulula ngati mwanayo anataya ambiri. Kenako amaona kakulidwe kake, kukula kwa mutu, madzi omuzungulira ndi kagundidwe ka mtima, masabata awiri kapena anayi aliwonse. Ngati pamene mukupita palibe wodziwa kuyeza zimenezi, pemphani mwaulemu kalata yoti mukaonedwe ndi akatswiri a uchembere ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ngakhale kamodzi kokha, kuti akakupangireni ndondomeko imene anzawo a ku Kasungu azitsatira. Kupempha zimenezi si mwano.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza makolo ambiri. Ubongo ukavulala chifukwa chosowa magazi, bala lake silioneka tsiku lomwelo. Mbali yovulalayo imatenga masabata kuti isungunuke n'kusiya timabowo todzaza madzi, kapena kuti mapanga a madzi a mkati mwa ubongo akule, kapena kuti mutu uyambe kutsalira pa kakulidwe. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri amati ubongo uunikidwe mwapadera patatha masabata 4 mpaka 6 kuchokera pamene mnzakeyo anamwalira. Akakuuzani sabata ino kuti ubongo ukuoneka bwino, kondwerani koma musaleke kupita. Akakuuzani zomwezo patatha masabata 6, pamenepo mtima ungakhale pansi kwambiri, ngakhale kuti sikani sioona zonse. Palinso njira ina yojambulira mkati mwa thupi yotchedwa MRI, imene imaona bwino kuposa sikani wamba, koma makina ake kuno ndi ochepa ndipo ali m'mizinda ikuluikulu. Akatswiri ndi amene angakuuzeni ngati n'kofunika kuisaka. Mwina mumvanso kuti kumayiko ena amamuika mwana magazi akadali m'mimba. Zimachitikadi, m'maola kapena masiku oyambirira, ndipo zitha kupulumutsa moyo, koma palibe umboni woti zimaletsa kuvulala kwa ubongo. Musadziimbe mlandu kuti mukanakhala ndi ndalama zinthu zikanasiyana.

Nanga adzabadwa liti? Ngati zonse zikuyenda bwino, madokotala ambiri amafuna kufika masabata 34 mpaka 36, osapitirira kwambiri pamenepo. Atha kufulumiza ngati mtima wa mwana wayamba kuonetsa kutopa, ngati BP ya mayi yakwera, ngati akutaya magazi kapena pali zizindikiro za matenda m'chiberekero. Zikaoneka kuti mwana abadwa asanakwane masabata 34, mayi amabayidwa jekeseni wa dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana, ndipo asanakwane masabata 32 pali mankhwala a magnesium sulphate amene amateteza ubongo wake. Maina awiriwa muwalembe penapake. Opaleshoni si lamulo: ngati mwana wagona bwino ndipo palibe chovuta china, mayi atha kuchira mwachibadwa. Amene akuwaona ndi kuwagwira mayiwo ndiwo ali ndi mawu omaliza pa zimenezi, ndipo akasintha ndondomeko mawa chifukwa cha zimene aona, muwamvere.

Ku Chamama kukafika pa boma ndi ulendo, makamaka matenda akayamba usiku kapena mvula itagwa. Ine ndingakulangizeni mukambirane ndi azamba kuti mayi akakhale ku chidikiro msanga, kapena kwa achibale pafupi ndi chipatala chomwe chili ndi fiyeta ndi nazale, pamodzi ndi gadiyani wodalirika. Ndalama ya thiransipoti ikhale pambali kuyambira lero, osati yokasaka tsiku lomwelo. Ndipo pali zinthu zosadikira kuti kuche: mwana akachepetsa kapena kusiya kusewera m'mimba, nsupa ikasweka ngakhale madzi ake akungodontha pang'ono, magazi akaoneka, thupi likatentha kapena kunjira yoberekera kukatuluka zonunkha, mutu ukawawa kwambiri, maso akachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa, kapena m'mimba mukayamba kupota. Chimodzi chokha mwa izi, nyamukani. Mayi amadziwa nthawi imene mwana wawo amakonda kusewera, ndiye akanena kuti lero zasintha, muwakhulupirire ngakhale ena akuti akungodandaula. Mankhwala owonjezera magazi, Fansidar wa ku sikelo ndi neti zipitirire monga mwa nthawi zonse. Funsaninso gulu la magazi awo. Ngati ali m'gulu lotchedwa Rhesus negative amafunika jekeseni wa anti-D, woletsa thupi lawo kulimbana ndi magazi a mwana. Ndipo chonde, mankhwala aliwonse achikuda oti atsuke m'mimba kapena afulumize matenda asayandikire pakamwa pawo. Mwanamphepo pa mimba iyi atha kupha mwana amene tikumuteteza ndi kung'amba chiberekero.

Ndikudziwa kuti pakhomo pakagwa zotere mafunso amayamba: anadya chiyani, analima kwambiri, ndani anasempha, ndani ali ndi kaduka. Mayi amangomva zonsezi ali chete, mwana wakufa ndi wamoyo ali m'mimba imodzi. Zimene zimapha mmodzi mwa mapasa a nsengwa imodzi nthawi zambiri n'zodziwika, ndipo zambiri mwa izo zili mu nsengwa momwemo. Pa mimba 10 mpaka 15 mwa 100 zoterezi, mitsempha yowoloka ija imatumiza magazi mbali imodzi kuposa inayo kwa masabata ambiri, wina n'kuchepekedwa, wina n'kuchulukidwa mpaka mtima kutopa. Madokotala amati TTTS. Nthawi zina nsengwayo sinagawike mofanana, wina anapeza gawo laling'ono kapena mchombo wake unamera m'mphepete. Nthawi zina mwanayo anali ndi chilema cha mtima, zomwe zimachitika kwambiri mwa mapasa ofanana. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimabwera ndi khasu, mtondo, chakudya kapena zochita za bambo. Inu ndi amene mungatseke pakamwa anthu m'malo mwa mayiwo, ndipo ndikukupemphani mutero. Ngati apongozi kapena azakhali akuvuta kumvetsa, atengeni tsiku la sikelo akamve okha kwa azamba.

Ndipatuke pang'ono chifukwa cha amayi ena amene akuwerenga. Nthawi yabwino yodziwira ngati mapasa ali pa nsengwa imodzi kapena ziwiri ndi masabata 11 mpaka 14. Pa nthawi imeneyo wojambula amayang'ana pamene chikopa cholekanitsa anawo chakumana ndi nsengwa: chikakhala chopyapyala n'kukumana nayo ngati chilembo cha T, nsengwa ndi imodzi, chikakhala chonenepa patsinde pake, ndi ziwiri. Mimba ikakula chizindikirochi chimavuta kuona. Mapasa a nsengwa imodzi amafunika kujambulidwa masabata awiri aliwonse kuyambira sabata ya 16. Amayi ambiri kuno amayamba sikelo mimba itaonekera kale, ena poopa kuti anthu adziwa msanga, ndipo mwayi umenewu umawadutsa. Zimandipweteka, chifukwa ndi kujambula kwa mphindi zochepa kumene kumasintha chisamaliro chonse. Amene anataya mmodzi m'miyezi itatu yoyambirira asade nkhawa kwambiri: pa nthawi imeneyo wotsalayo kawirikawiri amakula bwino.

Tsiku lochira lidzakhala la chimwemwe ndi maliro pamodzi, ndipo ndi bwino mulikonzekere muli awiri. Mwana womwalirayo adzabadwa nawo, ali wamng'ono, khungu lake litasintha mtundu ndi kufewa. Mayi ena amafuna kumuona ndi kumugwira, ena safuna, ndipo onsewo sakulakwa. Chofunika n'chakuti afunsidwe, asangowasankhira. Kwathu kuno mwana wotere amaikidwa mwakachetechete ndi amayi akuluakulu, ndipo mayi amauzidwa kuti asalire poti ali ndi wina m'manja. Mwambo wa kaikidwe ndi wa banja lanu, koma kulira musawaletse. Munthu atha kuyamwitsa mwana mmodzi uku akulira mnzake, ndipo misozi siumitsa mkaka. Mukaona kuti masabata akupita iwo sakugona, sakudya, sakufuna kumugwira mwana kapena akuyankhula zofuna kufa, amenewo ndi matenda ofuna chithandizo, muwauze anamwino. Inunso, bambo, pezani munthu womuuza zakukhosi.

Mwana akabadwa, pemphani kuti m'kabuku kake ka kuchipatala alembe momveka kuti anali mapasa a nsengwa imodzi, mnzake anamwalira m'mimba pa masabata 27 kapena 28, ndi masabata amene iye wabadwira. Mzere umodzi umenewu udzathandiza aliyense womuona m'zaka zikubwerazi. M'masiku oyambirira amuyeze kuchuluka kwa magazi, aone ngati akukodza ndi kuchita chimbudzi bwino, ndipo akasanza zobiriwira kapena mimba ikatupa munene msanga. Ubongo wa khanda umajambulika ndi sikani wamba kudzera pa liwombo, popanda ululu uliwonse. Pemphani zimenezi asanatuluke, ndi kubwerezanso patatha masabata angapo. Kukomoka kwa khanda sikufanana ndi kwa munthu wamkulu. Nthawi zina amangotafuna pakamwa mobwerezabwereza, maso kuyang'ana mbali imodzi osaphethira, miyendo kupalasa, kapena dzanja limodzi kugwedezeka mosalekeza ngakhale mwaligwira. Mukaona zotere, ngati muli ndi foni yojambula jambulani, mukawaonetse adokotala.

Ku sikelo ya ana nthawi zambiri amangoyeza kulemera. Inu muziwapempha ayezenso mutu ndi tepi mwezi uliwonse n'kulemba m'kabuku. Tepiyo imadutsa pamphumi pamwamba pa nsidze n'kuzungulira pamene nkhongo yatukuka kwambiri. Mutu umakula chifukwa ubongo ukukula, ndiye mutu wotsalira, kapena wokula mothamanga liwombo litatukuka, ndi chizindikiro chimene chimabwera msanga kuposa zina zonse, ndipo kuchiyeza sikulira ndalama.

Poona kakulidwe kake, muziwerengera kuyambira tsiku limene anayenera kubadwa, osati limene anabadwa. Mwana wobadwa masabata 6 asanakwane, akakwanitsa miyezi 4 muzimuona ngati wa miyezi iwiri ndi theka, apo ayi mudzadandaula pachabe pomuyerekeza ndi wa aneba. Powerengera motero, pofika miyezi 2 azimwetulira ndi kutsatira nkhope ya mayi ake ndi maso, pofika miyezi 4 khosi likhale litalimba, pofika miyezi 9 azikhala yekha, pofika miyezi 18 aziyenda. Yang'ananinso manja. Khanda lobadwa kumene limafumbata, koma pakatha miyezi 3 kapena 4 manja amayamba kutambasuka ndi kugwira zinthu. Dzanja limene limangokhala lofumbata, chala chachikulu chili mkati, pomwe linzake likusewera, likufunika kuonedwa. Mwana wosakwana chaka amene amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha si wamanzere kapena wamanja, nthawi yosankha dzanja sinakwane. Zina ndi miyendo yolimba yopingasa pomusambitsa kapena pomubereka kumbuyo, thupi lolobodoka, kutsamwa pafupipafupi poyamwa, kusadzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, ndi kugwedezeka kwadzidzidzi kobwera motsatizana, mutu kugwera kutsogolo manja n'kutambasuka, makamaka akangodzuka. Chomalizachi n'chofuna chipatala tsiku lomwelo, chifukwa ndi mtundu wa khunyu umene ukachedwa kuthandizidwa umabweza mwana m'mbuyo.

Chifukwa chimene ndikukuuzirani zonsezi si choti muzikhala mwamantha mukumuyang'anitsitsa mwana ngati wodwala. N'chakuti ubongo wa mwana wamng'ono umatha kuphunzitsa mbali zotsala ntchito za mbali yovulala, ndipo umachita zimenezi bwino kwambiri m'zaka ziwiri zoyambirira. Vuto la cerebral palsy, kapena kuti kulumala kwa kayendedwe ka thupi kochokera ku ubongo, lomwe ndi limene limabwera kawirikawiri ubongo ukavulala motere, bala lake silikula ndipo silipatsirana. Chimene chimaipiraipira ndi minofu ndi mfundo zikasiyidwa osazigwiritsa ntchito. Mwana amene wayamba mafizo ali ndi miyezi 5 amafika patali kusiyana ndi amene wabwera ali ndi zaka 3 miyendo itapindika kale atazungulira kwina konse. Musadikire kuti wina atchule dzina la matenda. Mukakayikira, pemphani akutumizeni kwa a mafizo pa chipatala cha boma, ndipo zambiri adzakuphunzitsani kuchita nokha pa mphasa kunyumba. Khunyu lili ndi mankhwala. Maso ndi makutu ayezedwe, chifukwa mwana wosamva bwino amaoneka ngati wochedwa nzeru pomwe nzeru zake zili bwino. Palinso mabungwe monga PODCAM, la makolo a ana olumala, komwe mungapeze anzanu amene anadutsa njira yomweyi.

Kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, kangaru ngati wabadwa wochepa, katemera yense, neti, kumuyankhula, kumuimbira ndi kusewera naye, zonsezi zimamanga ubongo, kaya unavulala kaya ayi. Malungo ndi chikasu cha makanda musazichedwetse, poti nazonso zimavulaza ubongo. Maso kapena khungu zikachita chikasu m'sabata yoyamba, pitani naye tsiku lomwelo.

Akakwanitsa zaka 2, kuwerengera tsiku lija anayenera kubadwa, mupite naye kwa adokotala a ana akamuunike kakulidwe konse, ngakhale akuthamanga ndi kuyankhula. Kuno tili ndi chida chathuchathu choyezera zimenezi, MDAT, chimene chinapangidwa ndi kuyesedwa pa ana a m'midzi ya ku Malawi n'kufalitsidwa mu 2010; chimaona kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, chiyankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu. Mufunse ngati angamuyeze nacho, ndipo kabuku kaja mukanyamule.